Funsani Tikuyankheni: Fayilo ya Masamu a Injiniya Ikakana Kutseguka pa Pulogalamu Yakale

Makalata awiri a mwezi uno achokera ku Mzuzu, ndipo onse akudandaula za ntchito imene inakonzedwa pa pulogalamu yatsopano koma iyenera kuwerengedwa pa kompyuta imene ili ndi pulogalamu yakale. Tawafupikitsa pang'ono chifukwa cha malo.

FUNSO

Akonzi, ndimagwira ntchito pa ofesi yaing'ono yojambula mapulani ndi kuyang'anira zomangamanga kuno ku Mzuzu. Tapatsidwa ntchito ya nyumba yosanja pamalo otsetsereka, ndipo popeza pakufunika khoma lotchinga dothi komanso silabu ya pamwamba, tinapempha injiniya wa ku Blantyre kuti atichitire masamu ake. Iwo atitumizira mafayilo awiri pa imelo. Yoyamba dzina lake likuthera ndi .mcdx, ndipo Mathcad 15, pulogalamu yochitira masamu a zauinjiniya imene takhala nayo kwa zaka zambiri ikukana kuitsegula. Yachiwiri ndi ya Excel, ndipo inatseguka bwinobwino pa Excel 2016 yathu, manambala onse akuoneka. Koma mwini nyumba atapempha kuti silabu ikhuthale kuchoka pa mamilimita 150 kufika pa 175, ndinasintha nambalayo, ndipo timabokosi tina tinalemba #NAME? pamene tina tinangosintha manambala n'kupitiriza kusonyeza kuti zonse zili bwino. Mnzanga akuti ndingosintha dzina la fayilo ya Mathcad kuti lithere ndi .xmcd, itseguka. Kontirakitala akufuna kugula zitsulo mvula isanayambe, ndipo injiniya wathu ndi munthu wamkulu, wotanganidwa, moti ndimachita manyazi kuwavutitsa kawirikawiri. Ndichite bwanji?

Wowerenga wa ku Katoto, Mzuzu

YANKHO

Bambo, zikomo kwambiri polemba. Musanawerenge zina zonse, uzani kontirakitala kuti zitsulo zisagulidwe potengera manambala amene ali pa kompyuta yanu panopa. Pa mafayilo anu awiriwa, ya Mathcad ija sikundidetsa nkhawa kwenikweni, chifukwa yakuuzani poyera kuti yalephera. Imene ikundidetsa nkhawa ndi ya Excel, imene yatseguka n'kumaoneka ngati ikugwira ntchito.

Gwero la vuto lonseli ndi limodzi. Opanga pulogalamu akamatulutsa mtundu watsopano amaonetsetsa kuti uzitha kuwerenga mafayilo akale, chifukwa makasitomala awo ali ndi ntchito za zaka zambiri zimene sangalole kuti zitayike. Koma mtundu wakale unapangidwa zinthu zatsopanozo zisanaganiziridwe n'komwe, choncho ukakumana nazo umangochita chimodzi mwa ziwiri: kukana fayilo yonse, kapena kutsegula zimene ukuzidziwa n'kudumpha zimene sukuzidziwa.

Tiyambe ndi Mathcad. Pulogalamuyi inatulutsidwa koyamba mu 1986 ndi kampani ya MathSoft, imene inagulidwa ndi PTC mu 2006. Mathcad 15 imene muli nayo ndi ya 2010, ndipo ndi yomaliza pa banja lakale, limene mafayilo ake amathera ndi .mcd kapena .xmcd. Mu 2011 PTC inatulutsa Mathcad Prime, imene inapangidwanso mwatsopano ngakhale dzina lili lofanana, ndipo mafayilo ake ndi amene amathera ndi .mcdx. Pali chida chosinthira mafayilo akale kuti akhale a Prime, koma chobwezera a Prime ku Mathcad 15 palibe, ndipo ngakhale injiniya wanu atafunitsitsa kukuthandizani, Prime yawo siwapatsa mwayi wosunga ntchito m'kalembedwe kakale. Ngakhale m'banja la Prime momwemo lamulo ndi lomweli, pakuti fayilo yosungidwa pa Prime 10 sitseguka pa Prime 8. Dziwaninso kuti PTC inasiya kugulitsa Mathcad 15 kumapeto kwa 2021, kotero mafayilo a .mcdx muzilandira kawirikawiri m'tsogolomu.

Malangizo a mnzanu aja musawatsatire. Zilembo za kumapeto kwa dzina la fayilo ndi chizindikiro chabe chouza Windows pulogalamu imene iyenera kuitsegula, ndipo kuzisintha kuli ngati kulemba mawu akuti laimu pa thumba la simenti, zam'kati sizisintha. Mukamafufuza pa intaneti mupezanso anthu ena akulangiza njira ina yozama. Fayilo ya .mcdx kwenikweni ndi phukusi la zip lokhala ndi timafayilo ta XML m'kati, ndiye ena amalimasula n'kusintha nambala ya mtundu wa pulogalamu kuti Prime yakale iganize kuti fayiloyo ndi yake. Kwa inu amene muli ndi Mathcad 15 njira imeneyi siingathandize konse, ndipo ngakhale kwa amene ali ndi Prime yakale ine sindingawalangize kutero pa masamu a nyumba imene mudzagona anthu, chifukwa fayilo ikatseguka mokakamiza palibe amene angatsimikize kuti mzere uliwonse wawerengedwa monga mwini wake anafunira.

Chimene muyenera kuchita choyamba ndi chimene mukuchita nacho manyazicho, kuimbira foni injiniya wanu. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo injiniya aliyense wodziwa ntchito yake angakonde kuvutitsidwa ndi foni ya mphindi zisanu kusiyana ndi kudzamva kuti dzina lake lili pa masamu amene asinthidwa iye osadziwa. Apempheni mwaulemu kuti akutumizireni masamu onse ngati PDF, imene imatseguka pa kompyuta iliyonse ngakhale pa foni. Popempha, tchulani chinthu chimodzi chimene ambiri amaiwala: Mathcad imalola munthu kupinda zigawo zina za tsamba kuti zisaoneke, ndipo zigawo zopindidwazo siziwonekanso pa PDF, choncho azitambasule zonse asanasindikize. PDF yoyenera isonyeze manambala onse olowetsedwa pamodzi ndi miyezo yake, komanso malamulo amene atsatiridwa. Mfundo yomalizayi ndi yofunika chifukwa mainjiniya ambiri kuno anaphunzira ndi BS 8110 ya ku Britain, imene imachulukitsa kulemera kwa nyumba yeniyeniyo ndi 1.4 ndipo katundu ndi anthu ndi 1.6, pamene Eurocode, malamulo a ku Ulaya, imagwiritsa ntchito 1.35 ndi 1.5. Munthu woyang'ana yankho lokha osadziwa malamulo amene atsatiridwa angaganize kuti pali cholakwika pamene palibe, kapena kulephera kuona cholakwika chimene chilipo.

Pa khoma lotchinga dothi lija, PDF ikafika yang'anitsitsani zimene injiniya waganizira zokhudza madzi. Inu amene mukukhala ku Mzuzu mukudziwa kuti mvula ya kumeneko imatenga nthawi yaitali ndipo dothi la m'malo otsetsereka limakhuta madzi. Madzi odikha kuseri kwa khoma amawonjezera kwambiri mphamvu yolikankha, ndipo ngati masamu achitidwa poganiza kuti madzi azituluka kudzera m'timabowo ta m'khoma, ndiye kuti timabowoto tiyenera kuoneka pa pulani ndipo amisiri atisiyedi pomanga. Zinthu ngati zimenezi ndi zimene zimakhala m'zigawo zopindidwa zija.

Ngati mukufunabe kuona fayilo ya Mathcad ikuwerengetsera yokha, PTC imapereka Prime yatsopano yoyeserera kwa masiku 30, ndipo masikuwo akatha imasanduka Mathcad Express, imene ndi yaulere koma yochepetsedwa mphamvu zina. Imafuna Windows ya 64-bit ndi bandulo yokwanira bwino poikopera, ndipo simufunika kuchotsa Mathcad 15 kuti muiike. Itengeni pa tsamba la PTC lenileni. Mapulogalamu othyoledwa amene amayenda pa mafulashi amabwera ndi mavairasi kawirikawiri, ndipo ofesi imene imasayina mapulani siyenera kuika mbiri yake pachiswe motero. Mukatsegula, gwiritsani ntchito kope, fayilo imene inabwera pa imelo ikhale yosakhudzidwa, chifukwa mukaisunga pa Prime yoposa ya injiniya wanu, iwonso adzalephera kuitsegula mukadzawabwezera.

Tsopano tibwere ku Excel, kumene kuli nkhani yaikulu. Kuyambira mu 2007 mafayilo a Excel amathera ndi .xlsx, n'chifukwa chake Excel 2016 yanu sinakane fayilo yopangidwa pa Excel ya masiku ano. Zimene zakhala zikusintha pa zaka zonsezi ndi mafomula. Excel 2019 inabwera ndi IFS, MAXIFS ndi TEXTJOIN, kenako XLOOKUP, FILTER ndi LET anabwera pa Microsoft 365 ndi Excel 2021, ndipo Excel 2016 yogula kamodzi sidziwa mafomula amenewa. Dinani kabokosi kamene kalemba #NAME? ndipo muyang'ane pa mzere wa fomula pamwamba. Mukapezapo mawu oyamba ndi _xlfn, monga _xlfn.XLOOKUP, dziwani kuti Excel yanu ikukuuzani kuti fomula imeneyo ndi yachilendo kwa iyo.

Mwina mukudabwa kuti nanga manambala onse anaoneka bwanji mutangotsegula. Excel imasunga fomula pamodzi ndi yankho lake lomaliza, kotero zimene munaona poyamba zinali mayankho amene anawerengetseredwa ku Blantyre, osati pa kompyuta yanu. Mutasintha 150 kukhala 175, Excel yanu inakakamizika kuwerengetsera yokha timabokosi tonse todalira nambala imeneyo, ndipo pamenepo ndi pamene inagwidwa kuti siingathe.

Timabokosi tolemba #NAME? tachita bwino kukuchenjezani. Oopsa ndi amene anasintha manambala mwakachetechete, ndipo ndikufuna mumvetse bwino m'mene zimenezi zimachitikira. Anthu ambiri okonza masamba a Excel sakonda kuona zolakwika pa tsamba, ndiye amakutira mafomula awo ndi IFERROR, imene imauza Excel kuti fomula ikalephera ilembe ziro kapena isiye malo opanda kanthu. IFERROR inabwera mu 2007, kotero Excel 2016 imaidziwa bwino, ndipo imameza cholakwika cha mtundu uliwonse kuphatikizapo #NAME? yemweyo. Tiyerekeze kuti tsamba lanu limagwiritsa ntchito XLOOKUP kutenga kulemera kwa silabu pa tebulo malinga ndi kukhuthala kwake, ndipo fomulayo yakutidwa ndi IFERROR. Konkire wokhala ndi zitsulo amawerengedwa kuti amalemera pafupifupi 24 kN (makilonyutoni, muyezo wa mphamvu ndi kulemera) pa kiyubiki mita imodzi, choncho silabu ya mamilimita 175 imalemera 4.2 kN pa sikweya mita, kumene kuli ngati kuunjika matumba asanu ndi atatu a simenti pa sikweya mita iliyonse. Katundu ndi anthu a m'nyumba yogonamo amawerengedwa kuti ndi 1.5 kN pa sikweya mita. Potsatira BS 8110, ndipo osawerengera pulasitala ndi matailosi, silabu iyenera kukonzedwera 8.28 kN pa sikweya mita. Koma XLOOKUP ikalephera ndipo IFERROR n'kuikapo ziro, kulemera kwa silabu kumasowa m'masamu, n'kutsala 2.4 yokha, imene siikwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo atatu a katundu weniweni. Masamu ena onse a m'munsi amapitiriza bwinobwino ndi nambala yolakwikayo, ndipo kabokosi komaliza kamasonyeza kuti zitsulo zakwanira. Ndicho chikomekome cha mkuyu chimene akuluakulu ankanena, m'kati muli nyerere.

Pali njira yachidule yodziwira ngati zimenezi zachitika pa tsamba lanu. Tsegulaninso fayilo yoyambirira imene ili pa imelo, lembani papepala manambala ofunika musanakhudze kalikonse, kenako muyerekeze ndi amene anatuluka mutasintha. Silabu ikakhuthala, kulemera kwake kuyenera kukwera, ndipo katundu wofika pa mabimu ndi pa zipilala ayeneranso kukwera. Mukaona kuti watsika kapena pena pake pali ziro, mwapeza pamene pali vuto. Mungathenso kudina Ctrl ndi F n'kufufuza mawu akuti _xlfn m'mafomula a buku lonse, ndipo Excel ikuonetsani timabokosi tonse tokhala ndi mafomula achilendo, ngakhale tobisika m'kati mwa IFERROR. Muonenso kuti pa Calculation Options pasankhidwa Automatic, chifukwa pakakhala Manual manambala sasintha mpaka mutalamula, ndipo munthu amatha kusindikiza mayankho akale akuganiza kuti ndi atsopano.

Kukonza kwenikweni kuli m'manja mwa amene anapanga tsambalo. Pa Excel yawo pali chida chotchedwa Check Compatibility, chopezeka pa File, Info, kenako Check for Issues, chimene chimatchula mafomula onse amene sangagwire pa mitundu yakale. Ntchito ya XLOOKUP ingachitidwe ndi INDEX pamodzi ndi MATCH, amene Excel iliyonse imawadziwa, ndipo kwa munthu wozolowera kusintha kumeneku sikutenga nthawi yaitali. Kumbali yanu, Excel ya pa intaneti ndi yaulere kwa aliyense amene ali ndi akaunti ya Microsoft ndipo imadziwa mafomula atsopano, ngakhale kuti siyendetsa ma macro, timapulogalamu timene ena amalemba m'kati mwa fayilo ya Excel. LibreOffice, imenenso ndi yaulere ndipo imagwira popanda intaneti, inalandira XLOOKUP ndi FILTER pa mtundu wa 24.8 umene unatuluka mu Ogasiti 2024. Musapemphe kuti fayilo isungidwe ngati .xls poganiza kuti yakale kwambiri ndiye yotetezeka, pakuti kalembedwe kameneko ndi ka Excel 2003 ndi mitundu ya m'mbuyo mwake, kamangolandira mizere 65,536, ndipo sikachotsa vuto la mafomula. Mabwana anu muwauzenso kuti Microsoft inasiya kusamalira Office 2016 ndi 2019 pa 14 Okutobala 2025, kotero nkhani yogula yatsopano iyenera kulowa m'bajeti ya ofesi.

Ngati ofesi yanu ingaganize zolembanso masamu a mu PDF pa Mathcad 15 kapena pa Excel kuti muzikhala ndi tsamba lanulanu, zimenezo n'zotheka ndipo zimaphunzitsa zambiri, koma muziyerekeza yankho la mzere uliwonse ndi la pa PDF, osati lomaliza lokha. Samalani kwambiri ndi miyezo. Mathcad imasunga nambala pamodzi ndi muyezo wake ndipo imasintha yokha mamilimita kukhala mamita, pamene Excel imangoona manambala. Muzikhalanso ndi chizolowezi choyesa ndi cholembera. Bimu ya mamita 4 yongokhazikika pa mapeto awiri, yosenza 20 kN pa mita iliyonse, imakhala ndi mphamvu yoipinda ya 40 kNm pakati pake, popeza 20 kuchulukitsa ndi 16 (ndiko kuti 4 kuchulukitsa ndi 4) n'kugawa ndi 8 ndi 40. Kompyuta ikakupatsani 4 kapena 40,000 pa bimu yotere, funsani musanapitirire.

Ndikuuzeninso mosapita m'mbali kuti ngakhale mafayilo onse awiri akanatseguka popanda vuto, kusintha kukhuthala kwa silabu sikunali koyenera kuchitidwa ndi inu nokha. Mamilimita 25 owonjezerawo amalemetsa mabimu, zipilala ndi maziko, ndipo zina mwa zimenezi mwina zinawerengetseredwa m'fayilo ya Mathcad imene simunaione n'komwe. Mapulani akapita ku khonsolo ya mzinda amapita ndi siginecha ya injiniya, ndipo mlandu wa manambala ake ndi wa amene wasayina. Alembereni lero lomwe kuti mwini nyumba wapempha silabu ya 175, kuti muli ndi Mathcad 15 ndi Excel 2016, ndiponso kuti mukupempha masamu okonzedwanso ngati PDF yokhala ndi deti ndi nambala yosonyeza kuti ndi kope lachiwiri. Kontirakitala adikire PDF imeneyo.

FUNSO

Akonzi, ine ndimajambula mapulani pa AutoCAD 2014. Masiku ano ndikalandira mapulani kuchokera kwa anzanga, kompyuta imati anapangidwa pa mtundu watsopano ndipo sangatseguke. Wina wanditumiziranso fayilo ya Revit, pulogalamu ina yojambulira nyumba, imene kompyuta ya ku ofesi, yokhala ndi Revit 2020, ikuikana. Kodi ndiyenera kugula kompyuta yatsopano?

Wowerenga wa ku Luwinga, Mzuzu

YANKHO

Mayi, pa nkhani ya AutoCAD simufunika kugula kanthu, ndipo vuto lanu ndi lopepuka poyerekeza ndi la bambo a ku Katoto. Kampani ya Autodesk sisintha kalembedwe ka mafayilo a DWG chaka chilichonse. Inasintha mu mitundu ya 2000, 2004, 2007, 2010, 2013 ndi 2018, kotero AutoCAD 2014 yanu imawerenga kalembedwe ka 2013 ndi konse ka m'mbuyo mwake, pamene anzanu amene ali ndi AutoCAD 2018 kupita m'tsogolo amasunga m'kalembedwe ka 2018. Ubwino wake ndi woti AutoCAD imalola kubwerera m'mbuyo. Anzanuwo adine Save As n'kusankha AutoCAD 2013 pa mtundu wa fayilo, ndipo amene mumagwira nawo ntchito nthawi zonse angathe kusintha pa Options, pa gawo la Open and Save, kuti mapulani awo azisungidwa motero nthawi zonse. Ngati simukufuna kudalira anthu ena, Autodesk imapereka mwaulere DWG TrueView, imene ili ndi chida chotchedwa DWG Convert chosinthira mapulani ambiri nthawi imodzi, ndipo palinso ODA File Converter, imene ndi yaing'ono ndipo siidya bandulo yambiri.

Mizere, zolemba ndi miyezo ya pa pulani kawirikawiri zimadutsa bwino. Zimene zimavuta ndi zinthu zopangidwa ndi mapulogalamu apadera monga Civil 3D, zimene zingaoneke koma osasinthika, kapena kusowa kumene. Mupemphenso PDF ya pulani iliyonse kuti muziyerekeza, makamaka manambala a zitsulo ndi milingo ya kutalika kwa nthaka, ndipo ngati pulaniyo ili ndi mafayilo ena olumikizidwa nayo, anzanuwo atumize zonse pamodzi pogwiritsa ntchito eTransmit, chida cha mu AutoCAD chosonkhanitsira mafayilo oterewa.

Revit ndi nkhani ina. Imasintha kalembedwe chaka chilichonse ndipo ilibe njira yosungira ntchito ku mtundu wakale, kotero fayilo ya Revit 2024 siingatseguke pa Revit 2020 ngakhale mutagula kompyuta yamphamvu bwanji, chifukwa vuto lili pa pulogalamu. Ngati mukufunikira mapulani okha, pemphani kuti awatulutse ngati DWG ya 2013 ndi PDF. Ngati mukufunikira chithunzi chonse cha nyumba, angachitulutse ngati IFC, mtundu wa fayilo umene mapulogalamu osiyanasiyana a zomangamanga amawerenga, imene Revit 2020 ingailandire, ngakhale kuti zinthu zina monga makoma ndi mazenera sizisinthikanso mosavuta ngati pa fayilo yoyambirira. Muchenjerenso mbali inayi: fayilo yanu ya Revit 2020 ikatsegulidwa ndi kusungidwa ndi mnzanu wa Revit 2024, siibwereranso kwa inu, choncho musanatumize muzisunga kope lanu padera, ndipo pa ntchito yotsatira nonse mugwirizane chaka cha Revit chimene mugwiritse ntchito musanajambule khoma loyamba.